Kodi maselo a T angatiteteze ku COVID-19 kwa nthawi yaitali bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa zaka 54, mphunzitsi wa ku Zomba. Mayiwa akuti anadwala kwambiri COVID-19 mu Januwale 2021, kenako anabayitsa katemera wa AstraZeneca kawiri, koma kumayambiriro kwa 2022 anadwalanso, ngakhale kuti ulendo wachiwiriwu matendawo anangokhala chimfine ndi kuphwanya m'thupi. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Britain anawauza kuti ma antibody amatha pakapita miyezi, ndipo amene amakhalitsa ndi maselo a T. Mayiwa amamwa ma ARV, ndipo akufunsa kuti: "Kodi maselo a T amenewa ndi omwe aja a CD4 amene amatiyeza kuchipatala? Ngati amakhalitsa, n'chifukwa chiyani ndinadwalanso, nanga ndine wotetezedwa mpaka liti?"

Mayi, zimene mwana wanu anakuuzani n'zoona, koma zikufunika kuwonjezerapo. Maselo a T amakhalitsadi m'thupi kwa zaka zambiri, ndipo maselo a CD4 amene mumawadziwa ndi gulu limodzi la maselo amenewa. Komabe ntchito yawo yeniyeni si kuletsa kachilombo kulowa m'thupi. Iwo amagwira ntchito kachilomboko katalowa kale, ndipo amafupikitsa matenda n'kuwaletsa kutsikira m'mapapo kumene amapha munthu. Mbiri imene mwafotokozayi, yodwala kwambiri ulendo woyamba n'kudwala pang'ono ulendo wachiwiri, ndi imene timayembekezera kwa munthu amene thupi lake likukumbukira bwino kachilombo kamene linakumana nako. Kudwalanso kwanu si umboni woti chitetezo chinatha.

Maselo a T ndi mtundu wa maselo oyera a m'magazi. Amayambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa monga maselo ena onse a magazi, koma asanayambe ntchito amapita kukakhwimira m'kachiwalo kakang'ono kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Kwa nthawi yaitali madokotala sankadziwa ntchito ya kachiwaloka, mpaka mu 1961 pamene Jacques Miller, akugwira ntchito ku London, anasonyeza kuti mbewa zimene anazichotsa thymus zitangobadwa zinkalephera kulimbana ndi matenda. M'kachiwaloka selo lililonse limapeza chogwirira chakechake chimene chimazindikira kachidutswa kenakake ka puloteni, ndipo maselo amene angaukire thupi la mwini wake amaphedwa asanatuluke. Thymus imayamba kufota munthu akatha msinkhu, moti pofika zaka za m'ma 60 ndi 70 imatulutsa maselo atsopano ochepa kwambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kachilombo katsopano, kamene palibe munthu anali atakumana nako kale, kanaphera okalamba ambiri kuposa ana ndi achinyamata.

Kusiyana kwa ma antibody ndi maselo a T kuli pa zimene zimaona. Ma antibody ndi mapuloteni amene amapangidwa ndi maselo a mtundu wina, otchedwa maselo a B, ndipo amayandama m'magazi ndi m'mamina. Iwo amagwira kachilombo kakadali kunja kwa selo. Pa kachilombo ka korona, ma antibody ofunika kwambiri ndi amene amamatira pa minga ya kunja kwake, yotchedwa spike, imene kachilomboko kamagwiritsa ntchito potsegula selo la m'mphuno kapena m'mapapo. Akamatira pamalo oyenera, kachilomboko kamalephera kulowa. Koma kakangolowa m'selo, ma antibody sangakafikirenso.

Apa ndi pamene maselo a T amayambira. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi limaduladula pang'ono mapuloteni amene likupanga, n'kuika tizidutswa take panja pa khungu lake, titagwiridwa ndi mapuloteni ena otchedwa HLA. Selo likakhala lathanzi, tizidutswato timakhala ta thupi lomwelo ndipo maselo a T amangodutsa. Likakhala kuti lalowedwa ndi kachilombo ndipo likupanga mapuloteni a kachilomboko, tizidutswa tachilendo timaonekera panja, ndipo selo la T limene chogwirira chake chikugwirizana ndi kachidutswako limaima pomwepo. Anatulukira zimenezi ndi Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ku Canberra, ku Australia, m'zaka za m'ma 1970, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1996. Mfundo imeneyi ndi imene ikufotokoza zonse zimene zinachitika pamene mitundu yatsopano ya kachilomboka inabwera, chifukwa ma antibody amadalira maonekedwe a kunja a malo ochepa pa minga, pamene maselo a T amawerenga tizidutswa tochokera m'mapuloteni onse a kachilombo, a kunja ndi a m'kati omwe.

Maselo a T alipo magulu awiri akuluakulu. A CD8 ndi amene amapha. Akazindikira selo lolowedwa ndi kachilombo, amaliboola ndi puloteni yotchedwa perforin n'kulowetsamo mankhwala amene amalichititsa kudzipha lokha, kachilombo kasanamalize kuchulukana m'kati mwake. Zili ngati zimene alangizi a zaulimi amauza alimi a nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay pa matenda a chisaka, kuti phando limene lagwidwa lizulidwe msanga kuti munda wonse upulumuke. Mlimi sangazule phando matenda asanafike m'munda, ndipo maselo a CD8 nawonso alibe chochita mpaka maselo ena atalowedwa kale. Maselo a CD4 ndi otsogolera. Amatulutsa mankhwala amene amaitana maselo ena ndi kuwalimbikitsa, amathandiza a CD8 kukhwima kuti adzakumbukire, ndipo ena mwa iwo amalowa m'anabere, timibulu ta m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche timene timatupa munthu akakhala ndi bala, kukathandiza maselo a B kupanga ma antibody ogwira mwamphamvu ndiponso okhalitsa. Choncho si zoona kuti ma antibody ndi maselo a T ndi zitetezo ziwiri zosiyana zoti munthu angasankhepo chimodzi. Popanda maselo a CD4, ma antibody abwino sapangika.

Munthu akakumana ndi kachilombo koyamba, maselo a T ogwirizana ndi kachilomboko amakhala ochepa kwambiri, mwina mazana angapo m'thupi lonse, ndipo pamafunika mlungu umodzi kapena iwiri kuti achulukane mokwanira. Masiku amenewa ndi amene kachilombo kamapezerapo mpata. Matenda akatha, ambiri mwa maselowo, pafupifupi 90 pa 100 alionse, amafa chifukwa ntchito yatha, ndipo otsalawo amasanduka maselo okumbukira. Amenewa amakhala ochuluka kuposa poyamba, sachedwa kudzuka, ndipo amadzichulukitsa pang'onopang'ono kwa zaka ngakhale kachilombo kulibe. Ena amazungulira m'magazi, ena amakhala m'anabere ndi m'mafupa, ndipo ena amakhazikika m'mapapo ndi m'mphuno momwe. Ma antibody nawonso amakwera kwambiri matenda akangotha kenako n'kutsika, ndipo kutsika kumeneku, kumene kunachititsa mantha anthu ambiri mu 2020, ndi mmene thupi limachitira pa matenda ambiri.

Tsono chimene chinakuchitikirani mu 2022 ndi ichi. Maselo okumbukira amafunika masiku angapo kuti adzuke, achulukane ndi kufika pamalo a matenda. Kachilombo ka korona ka mtundu wa Omicron, kamene kanali kofala nthawi imeneyo, kamachulukana m'mphuno ndi kukhosi mofulumira kwambiri, moti munthu amayamba kumva zizindikiro patangopita masiku pafupifupi atatu chikalowereni. Kachilomboko kamapambana mpikisano wa masiku oyambirira, munthu n'kudwala chimfine ndiponso kupatsira ena. Koma chibayo choopsa cha COVID-19 nthawi zambiri chimabwera m'mlungu wachiwiri, ndipo pofika nthawi imeneyo maselo okumbukira amakhala atagwira kale ntchito yawo. Chikuku n'chosiyana, chifukwa kachilombo kake kamatenga masiku 10 kapena kuposerapo kasanadwalitse munthu, kamadutsa m'magazi mmene ma antibody ndi ambiri, ndipo sikasintha maonekedwe ake mokwanira kuti kathawe chitetezo. N'chifukwa chake munthu amadwala chikuku kamodzi kokha pa moyo wake. Tizilombo ta m'gulu la korona sitichita choncho. Pali mitundu inayi yakale ya tizilomboti, 229E, NL63, OC43 ndi HKU1, imene imayambitsa chimfine wamba, ndipo kafukufuku wa ku Amsterdam amene anatsatira magazi a amuna 10 kwa zaka zoposa 30 anapeza kuti munthu amatha kugwidwanso ndi mtundu womwewo pakangopita miyezi 12.

Pa funso lanu lakuti maselowa amakhala mpaka liti, umboni wamphamvu kwambiri unachokera ku Singapore. Mu 2002 ndi 2003 kunabuka matenda a SARS, oyambitsidwa ndi kachilombo kachibale ka kamene kamayambitsa COVID-19, ndipo anagwira anthu pafupifupi 8,000 n'kupha pafupifupi 800 asanazimiririke. Popeza kachilombo kameneko sikanabwerenso, anthu amene anachira sanakumane nakonso. Mu 2020, gulu la Antonio Bertoletti la ku Duke-NUS Medical School linayeza magazi a anthu 23 amene anachira SARS, ndipo linapeza kuti patapita zaka 17 anali adakali ndi maselo a T ozindikira puloteni ya m'kati mwa kachilomboko, yotchedwa nucleocapsid. Maselo omwewo ankazindikiranso puloteni yofanana nayo ya kachilombo katsopano ka COVID-19. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu Julayi 2020. Kafukufuku wa m'mbuyomo anali atasonyeza kale kuti ma antibody a anthu ochira SARS ankatsika kwambiri pakapita zaka zochepa, choncho kusiyana kwa ziwirizi kunali koonekeratu.

Pa COVID-19 yeniyeniyo, gulu la Shane Crotty ndi Alessandro Sette la ku La Jolla Institute for Immunology, ku California, linatsatira anthu 188 ochira mpaka miyezi 8, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Science kumayambiriro kwa 2021. Anapeza kuti maselo a CD4 ndi CD8 ozindikira kachilomboka ankatsika ndi theka pa miyezi itatu kapena isanu iliyonse m'nthawi yoyambirirayo, maselo a B okumbukira ankachuluka m'malo mochepa, ndipo anthu ambiri anali adakali ndi mbali zingapo za chitetezo zikugwira ntchito. Kutsika kwa maselo a T kumafulumira poyamba kenako kumachedwa kwambiri. Pa katemera wa nthomba, mwachitsanzo, maselowa anapezeka mwa anthu patapita zaka makumi angapo chibayireni.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa nkhani ya zaka 17 inafalitsidwa kwambiri ndipo ena anaimva molakwika. Kupeza maselo a T m'magazi a munthu mu labotale n'kosiyana ndi kutsimikiza kuti munthuyo sangadwale. Anthu 23 a ku Singapore aja sanayesedwe powapatsanso kachilombo, ndipo palibe akanalola zimenezo. Chimene kafukufukuyo anasonyeza n'chakuti thupi limakumbukira. Funso lakuti kukumbukirako kumateteza motani linafunika umboni wa mtundu wina, ndipo umboniwo unabwera kuchokera mbali zingapo.

Umene ine ndimauona kuti ndi wolemera kwambiri ndi wa odwala khansa ya m'magazi. Ena mwa odwalawa amalandira mankhwala amene amapha maselo a B, moti thupi lawo limalephera kupanga ma antibody. Madokotala a ku University of Pennsylvania anatsatira odwala otere amene anagwidwa ndi COVID-19, ndipo mu 2021 analemba m'magazini ya Nature Medicine kuti amene anali ndi maselo a CD8 ambiri ankapulumuka kuposa amene anali nawo ochepa, kuphatikizapo amene anali osowa ma antibody. Ku Harvard, gulu la Dan Barouch linayesa pa anyani amene anali atachira kale. Atawachotsa maselo a CD8 n'kuwapatsanso kachilombo, chitetezo chawo chinachepa, makamaka m'mphuno. Ndiponso kuyambira pachiyambi pa mliri, madokotala a ku Wuhan anaona kuti odwala amene ankafika pothedwa nzeru ankakhala ndi maselo a T ochepa kwambiri m'magazi.

Umboni wina unachokera kwa anthu amene sanadwale n'komwe. Ku London, gulu la Mala Maini la ku University College London linatsatira ogwira ntchito m'zipatala pa funde loyamba la mliri. Panali ena amene ankayezedwa mlungu uliwonse osapezeka ndi kachilombo, ndiponso sanapange ma antibody, koma m'magazi mwawo maselo a T ozindikira makina a m'kati amene kachilomboka kamagwiritsa ntchito podzichulukitsa anali atachuluka. Ofufuzawo anamasulira kuti kachilombo kanalowa koma kanathetsedwa msanga kasanaonekere. Makina amenewa amafanana kwambiri pa tizilombo tonse ta m'gulu la korona, choncho n'kutheka kuti maselowo anali otsala kuchokera ku chimfine chakale. Mu 2023 gulu la Jill Hollenbach la ku San Francisco linapezanso kuti anthu obadwa ndi mtundu wina wa HLA, wotchedwa HLA-B*15:01, ankatha kugwidwa ndi kachilomboka osamva chizindikiro chilichonse kawirikawiri kuposa anzawo, chifukwa HLA yawo imaonetsa kachidutswa kamene kamafanana ndi ka tizilombo ta chimfine wamba. Anthu ambiri a m'kafukufukuyu anali azungu, ndipo mitundu ya HLA imasiyana malinga ndi kumene makolo a munthu anachokera, choncho sitingangotenga zotsatirazo n'kuziika pa Amalawi.

Chiyeso chachikulu chinafika mu Novembala 2021, pamene asayansi a ku Botswana ndi South Africa anatulukira Omicron. Kachilomboka kanali katasintha m'malo oposa 30 pa minga yake, ndipo ambiri mwa malowo anali omwe aja ma antibody amamatirapo. Ku Durban, labotale ya Alex Sigal inasonyeza pasanathe milungu iwiri kuti mphamvu ya ma antibody a anthu obayitsa katemera inatsika kwambiri pa mtundu watsopanowu. Koma ku University of Cape Town, Wendy Burgers, Catherine Riou ndi anzawo anayeza maselo a T a anthu obayitsa katemera ndi a anthu amene anadwalapo kale, ndipo anapeza kuti mphamvu yawo yozindikira minga ya Omicron inali idakalipo ndi 70 mpaka 80 peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minga ya kachilomboka ndi puloteni yaitali, ya timagawo toposa 1,200, ndipo kusintha malo 30 kumasiya tizidutswa tambirimbiri tili chimodzimodzi. Komanso munthu aliyense ali ndi HLA yake imene anatengera kwa makolo, ndipo imasankha tizidutswa tosiyana ndi ta mnzake. Kachilombo kakasintha kuti kathawe maselo a T a munthu mmodzi, kusinthako sikukathandiza kakafika mwa munthu wina. Ma antibody a anthu ambiri amalimbana ndi malo ofanana, n'chifukwa chake kachilomboka kamawathawa mosavuta.

Zimene zinaoneka mu labotale zinaonekanso m'zipatala. Funde la Omicron linagwira anthu ochuluka zedi, koma mwa ogwidwawo, gawo la ogonekedwa ndi omwalira linali lochepa poyerekeza ndi mafunde a m'mbuyo. Mu 2023 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri, wosonyeza kuti patapita milungu 40 munthu atadwala, chitetezo chake choti asagwidwenso ndi Omicron yoyambirira chinali chitatsika kufika pa 36 peresenti, pamene chitetezo choti asadwale mwakayakaya chinali chidakali pafupifupi 89 peresenti. Sitinganene kuti maselo a T okha ndiwo anachititsa zimenezi, chifukwa maselo a B okumbukira nawonso amadzuka n'kupanga ma antibody atsopano, ndiponso Omicron payokha inkakonda kuchulukana m'mphuno ndi kukhosi kuposa m'mapapo. Komabe manambala awiriwa akufotokoza bwino mbiri yanu.

Anthu ena anatengera nkhani ya maselo otsala ku chimfine chakale patali, n'kumanena kuti anthu a mu Africa anali otetezedwa kale. Sindigwirizana nawo. N'zoona kuti ku California ofufuza anapeza maselo a CD4 ozindikira kachilomboka mwa anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amene magazi awo anatengedwa mliri usanayambe, koma anthu otere analipo m'mayiko onse, kuphatikizapo amene anaika maliro ochuluka kwambiri. Kuno kwathu kachilomboka kanafalikira kwambiri. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome pa magazi a anthu opereka magazi anapeza ma antibody mwa anthu pafupifupi 65 pa 100 alionse pofika Meyi 2021, katemera atangoyamba kumene. Chimene chinatithandiza kwambiri n'chakuti Amalawi ambiri ndi ana ndi achinyamata. Ndipo amene anaona Januwale 2021, mwezi umene inu munadwala, pamene nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndipo zipatala zinkasowa mpweya wa okosijeni, sanganene kuti matendawa anatilambalala.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikukukhudzani kwambiri. Kachilombo ka HIV kamalowa ndi kuwononga maselo a CD4, omwe aja amene amatsogolera a CD8 ndi kuthandiza kupanga ma antibody. Nambala imene amakupatsani kuchipatala ndi ya maselo onse a CD4 a m'kadontho ka magazi, osati okhawo ozindikira COVID-19, koma imasonyeza ngati thupi lili ndi maselo okwanira kupanga chikumbukiro chatsopano ndi kusunga chakale. Ku Western Cape, kafukufuku wamkulu wa 2020 anapeza kuti anthu amene ali ndi HIV anali pa chiopsezo chomwalira ndi COVID-19 chowirikiza pafupifupi kawiri. Ofufuza a ku Cape Town atayang'ana m'magazi, anapeza kuti vuto lalikulu linali kwa amene CD4 yawo inali yotsika, chifukwa iwo ankapanga maselo a T ndi ma antibody ochepa olimbana ndi kachilomboka. Anthu amene ankamwa ma ARV mokhulupirika, HIV itagonja m'magazi ndipo CD4 itakwera, chitetezo chawo chinkafanana kwambiri ndi cha anthu opanda HIV, pa matenda ngakhalenso pa katemera.

Nkhani ina ya ku Durban imasonyeza zimenezi momveka. Mayi wina wa zaka za m'ma 30, amene HIV yake inali isakumvanso mankhwala ndipo CD4 yake inali yotsikitsitsa, anakhala ndi kachilombo ka COVID-19 m'thupi kwa masiku 216, ndipo m'nthawi yonseyo kachilomboko kankasintha m'kati mwake. Madokotala atamusinthira ma ARV n'kumupatsa amene anagonjetsa HIV, thupi lake linachotsa kachilombo ka COVID-19. Sipanafunike mankhwala apadera a korona, koma kubwezeretsa maselo a CD4. Choncho, mayi, chinthu champhamvu kwambiri chimene mungachite kuti maselo anu okumbukira COVID-19 akhalitse ndi chimene mukuchita kale m'mawa kapena madzulo aliwonse, ndicho kumwa ma ARV osadumphitsa, ndi kupita kukayezetsa viral load, kuchuluka kwa HIV m'magazi, pa nthawi imene anakuuzani. Ngati viral load yanu ndi yosaoneka ndipo CD4 ili pamwamba pa 500, mungadziwerengere pafupi ndi mayi wina aliyense wa msinkhu wanu. Ngati ili pansi pa 200, nkhani ndi ina, ndipo muyenera kudziona kuti muli pa chiopsezo ngakhale munadwalapo ndi kubayitsa.

Muli ndi mwayi winanso. Munthu amene anadwalapo kenako n'kubayitsa katemera amakhala ndi chitetezo chotakata kuposa amene anangodwala kapena kungobayitsa. Katemera wa AstraZeneca, wa Johnson & Johnson ndi wa Pfizer amaphunzitsa thupi za minga yokha, ndipo popeza amabayidwa pamkono, maselo ambiri amene amawadzutsa amakhala a m'magazi ndi m'anabere. Matenda enieni amaonetsa thupi mapuloteni onse a kachilombo ndipo amasiya maselo okumbukira m'mphuno ndi m'mapapo. Inu munapeza zonse ziwiri, ndipo munakumana ndi kachilomboka kapena minga yake kanayi. Izi sizikutanthauza kuti munthu azifuna kudwala dala kuti apeze chitetezo. Mtengo wa chitetezo chobwera ndi matenda oyamba unali imfa za anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse, ndipo ena amene anachira anatsala ndi kutopa ndi befu kwa miyezi yambiri. Katemera amapatsa maselo a T phunziro loyamba popanda mtengo umenewo.

Mwina mungafune kuyezetsa kuti mudziwe mmene maselo anu alili. Sindikukulimbikitsani kutero. Kuyeza maselo a T ozindikira kachilombo kamodzi kumafuna magazi atsopano, amene amasakanizidwa ndi tizidutswa ta kachilomboko mu labotale kuti aone ngati maselo atulutse mankhwala otchedwa interferon gamma, mofanana ndi njira ina yoyezera TB yobisika. Njirayi ndi yodula, imachitika makamaka pa kafukufuku, ndipo palibe nambala imene madokotala anagwirizana kuti munthu akaifika ndiye kuti watetezedwa. Komanso magazi a pamkono sasonyeza maselo amene akhazikika m'mapapo. Kuyezetsa ma antibody nakonso sikungakuyankheni, chifukwa ku Karolinska Institute ku Sweden anapeza maselo a T okumbukira mwa anthu ena amene ankakhala ndi odwala m'nyumba imodzi koma ma antibody awo sankaoneka.

Pa za katemera wowonjezera, bungwe la World Health Organization mu Malichi 2023 linaika okalamba, amayi oyembekezera, ogwira ntchito zachipatala, anthu a matenda monga shuga ndi a mtima, ndi anthu a chitetezo chofooka kuphatikizapo amene ali ndi HIV, m'gulu loyenera kuganiziridwa koyamba, ndipo linalangiza kuti ambiri a iwo azibayitsanso pakapita miyezi 6 mpaka 12. Cholinga cha katemera wowonjezerayu ndi kukweza ma antibody kwa miyezi ingapo ndi kudzutsanso maselo okumbukira. Bungweli linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboka kakuzungulirabe ndipo kakusinthabe. Tsiku limene mudzapite kukatenga ma ARV, funsani a dokotala kapena anamwino ngati katemera alipo ndiponso ngati nambala zanu zikufuna kuti mubayitsenso, makamaka ngati muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Musataye ndalama pa mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp kuti amakweza chitetezo kapena CD4. Palibe umboni woti amachulukitsa maselo a T ozindikira kachilombo kalikonse, ndipo zitsamba zina zimasokoneza mmene ma ARV amagwirira ntchito kapena kuwononga chiwindi. Kudya mokwanira, kuchiza TB msanga ikapezeka ndi kusamalira shuga ndi zimene zimathandizadi. Mukadzadwalanso chimfine, n'kutheka kuti matendawo adzakhala COVID-19 ndipo adzatha m'masiku ochepa monga mu 2022. Koma mukadzaona kuti mukubanika, mukupuma mofulumira mutangokhala pansi, chifuwa chikupweteka, kapena kutentha thupi kwabwereranso m'mlungu wachiwiri mutayamba kupeza bwino, musadikire kunyumba poganiza kuti maselo a T amaliza okha ntchitoyo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo muwauze mankhwala onse amene mukumwa.